Madzi Otsukira Sirinji

Ntchito ya mlangizi wa ziweto ndi kuuza anthu zochita ndi ng'ombe zawo, ndipo kunena zoona anthu ankamumvera. Ankati akaimika njinga yake yamoto pakhomo pa munthu, mpando unkatuluka iye asanavule n'komwe chipewa. Khola limodzi lokha ndi limene mawu ake ankangowomba mpanda n'kubwerera, ndipo tsoka lake linali lakuti khola limenelo linali la apongozi ake.

Apongozi aamunawo, amene aliyense ankangowatchula kuti Madala, ankagula ng'ombe zowonda kutali, n'kuzinenepetsa, n'kuzigulitsa kwa opha nyama. Pakholapo panali lamulo losasintha: ng'ombe iliyonse yotsika mu lole, kaya ikudwala kaya ili bwinobwino, inkabayidwa mankhwala opha tizilombo, aja a m'botolo lofiirira. Madala ankati ameneyo ndi jakisoni wolandirira alendo. Ndipo popeza alendo ankachuluka kuposa botolo, aliyense ankalandira theka la muyezo. Akamaliza kubaya, Madala sankataya kanthu. Ankakokera madzi mu sirinji, n'kuikhutchumula, ndipo madzi achikasuwo ankakhala awo. Mutu ukawawa ankamwa, akatemeka ankathira pabala.

Tsiku lina masana mlangizi anafika pakholapo lole itangochoka, fumbi lisanakhazikike. Mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, anali kutsekera ng'ombe zimene anali atangozibaya, malaya ali paphewa. Madala anali atakhala pa ndowa yovundikira, atavula jombo ya kumanzere ndi kupinda buluku mpaka m'bondo. Pamsongolo panali bala la waya waminga. Mlangizi analiona koyamba lili kakang'ono ngati chikhadabo, koma tsopano linali litakula, m'mbali mwake mutada, ntchentche zikuchitapo msonkhano.

"Bambo," anatero mlangizi, chipewa chili m'manja, "mwendo uwu ukufunika chipatala. Lero lomwe."

"Mwafika, alangizi? Khalani pansi. Chipatala si ichi?"

Madala anakweza sirinji kudzuwa ngati akuonetsa mdzukulu kwa alendo. Anafinyira madzi achikasu pabalapo, n'kutsinzina, n'kuluma mano. Otsalawo anawaponya m'kamwa.

"Sirinji imeneyo yalowa m'ng'ombe zonsezi, bambo. Ili ndi ndowe mpaka m'mizere."

"Nanga mankhwala ali momwemowa ntchito yake n'chiyani? Si kupha zoipazo?"

"Ndi zomwe ndimanena zija. Mankhwala ochepa sapha tizilombo, amangotiphunzitsa. Tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana. Mawa mukadzabaya pa matenda enieni, tizingokuyang'anani. Ndipo tizilomboto sitisankha kuti iyi ndi ng'ombe, uyu ndi munthu."

"Eee, sukulu yatsegulidwa!" anafuula mlamu ali pamwamba pa mpanda. "Alamu, musanapitirire, tafotokozani kaye za chaka chatha."

Chaka chatha. Mawu amenewo mlangizi ankawamva ngati mwala mu nsapato. Chaka chathacho anawakakamiza kuti asiye jakisoni wolandirira alendo. Anawauza kuti ng'ombe zatsopano zizikhala pazokha, zisamathinane, azimangire mthunzi, azitsuka zomwera, ndipo yodwala yokha ndi imene izibayidwa, muyezo wonse, mpaka mapeto. Pa zonsezi anthu ake anamvapo choyamba chokha, chifukwa ndi chimene sichinkafuna thukuta. Anasiya kubaya, zinazo osachita. Ng'ombe zinathinana padzuwa, chifuwa chinalowa, zingapo zinafa. Kuyambira pamenepo mlangizi akangotsegula pakamwa, ngakhale kupempha mchere, yankho linali chaka chatha.

"Tandiuzani, alamu," mlamu anapitiriza akutsika pampanda. "Ng'ombe yayenda mtunda wonsewo itaimirira, yafika ikunjenjemera. Inu mukuti tidikire kaye idwale? Wopha nyama safunsa kuti yabayidwa kapena ayi, amangoyang'ana ntchafu. Ogula nawonso akufuna nyama yotsika mtengo. Khola la uko amabaya, la uku amabaya. Ife tokha tikhale oyera mtima, ng'ombe zikugwa?"

Chimene chinkamupsetsa mtima kwambiri mlangizi n'chakuti mlamuyo sankanama zonse. Ng'ombe zinkafikadi zitatheratu. Mtima wake unkafuna kulanda sirinjiyo, kuiponda, ndi kuwanyamula Madala ngati thumba n'kuwakhazika panjinga. Koma munthu umakalipira bwanji bambo amene anakupatsa mwana wawo, amene amakusiyira mpando wabwino ukafika? Anavala chipewa chake n'kunena mawu amene ankadana nawo kuposa mawu ena onse.

"Chabwino, bambo. Koma muganizirepo."

Kunyumba anapeza mkazi wake ali pa makina, akusoka diresi la kasitomala. Anamukhuthulira zonse, akuyendayenda m'chipindamo, akuponda nsanza za nsalu.

"Vuto lanu, bambo a mwana, mumawalankhula ngati muli pamsonkhano wa alimi," anatero mkaziyo, diso lili pa singano. "Bambo anga safuna kuphunzitsidwa."

"Ndiye uwalankhule ndiwe."

"Ine? Ine amandiona ngati ndidakali wosavala."

Mlangizi anakankhira bokosi lake la mankhwala pansi pa bedi n'kulikiya. Botolo lililonse la m'bokosimo ankalimanga tepi yofiira pakhosi, kuti lisamasokonekere ndi mabotolo a eni makola. Mlamu anali atapemphapo mankhwalawo kangapo, iye n'kukana. Kiyi ankamupachika pamsomali kuseri kwa chitseko, poti m'nyumba mwake momwe akanaopa ndani?

Chimene chinawapititsa Madala kuchipatala sichinali ululu, sichinali fungo, ndipo sanali mkamwini. Inali jombo. M'mawa wina jombo ya kumanzere inakana kulowa. Anaikoka, anaitukwana, anaipaka sopo, koma mwendo unali utatupa mpaka khungu kunyezimira. Munthu amene sangavale jombo sangalowe m'khola, ndiye Madala anavomera kuti akawaone madokotala mwamsanga abwerere. Pofika kuchipatala thupi linali litatentha moti ankayankha mafunso amene sanafunsidwe. Tsiku lomwelo mlangizi anapita kukhola n'kusesa mabotolo onse a m'kanyumba kosungiramo zinthu. Sirinji yokha anaiiwala pamsomali.

Dokotala wa muwodimo anali mayi wamagalasi, wa nkhope yotopa. Anayamba ndi mankhwala ena, bala silinamve. Anasintha, bala silinamvebe. Anatenga mafinya n'kuwatumiza kukayezedwa, ndipo zotsatira zitabwera anaitanira banja lonse pakhonde: apongozi aakazi, mlamu, mlangizi ndi mkazi wake.

"Tizilombo ta m'bala la bambowa sitikumva mankhwala ambiri amene tili nawo," anatero. "Kunyumba akhala akumwa chiyani? Akhala akuthirapo chiyani?"

Onse anapeza chochita ndi maso awo. Apongozi aakazi anayang'ana zikhadabo, mlamu anayang'ana denga. Mlangizi anafotokoza zonse, za jakisoni wolandirira alendo, za theka la muyezo, za madzi otsukira sirinji.

"Inu ndinu ndani wawo?"

"Mkamwini."

"Ndi alangizi a ziweto amenewa," mlamu anawonjezera, ngati munthu wothandiza.

Dokotala anamuyang'ana mlangizi pamwamba pa magalasi.

"Ndiye mumangoonerera?"

Zaka zonsezi mlangizi akulankhula mpaka kukhosi kuuma, akusekedwa pamaso pa abusa, lero mlandu wagwera iye! Anafuna kunena kuti ndinanena, ndinanenanso, funsani mpanda wa khola lija. Koma pakhonde la chipatala, apongozi aakazi ali pambali, anangoti, "Ndinayesetsa, adokotala."

"Pepani, ndifunse nawo," anatero mlamu. "Mukutsimikiza kuti ndi mankhwala a ng'ombe achititsa zimenezi?"

"Kutsimikiza sindingatsimikize. Tizilombo totere timapezekanso mwa anthu amene sanalowepo m'khola. Ngakhale m'zipatala tilimo. Koma munthu akafuna kutiweta dala, njira yake ndi imene bambowa amachitayi."

Mlamu, monga mwa chikhalidwe cha banja lawo, anamva theka loyamba lokha. Anamugunda mlangizi ndi chigongono n'kunong'ona kuti, "Mwamva? Nawonso sakudziwa."

Dokotala ananena kuti kwatsala mtundu umodzi wa mankhwala, wa m'diripi. Bala azitsuka anamwino okha, wina aliyense asalikhudze. Mankhwalawo akakanika, mwendo udulidwa m'munsi mwa bondo kuti munthu apulumuke. Ananena mosazungulira, ndipo apongozi aakazi anakhala pansi pomwepo pasimenti.

Masiku oyamba zinayenda. Thupi linazizira, kutupa kunayamba kuphwa, Madala anayambanso kulamula. Ankafunsa ngati zomwera zatsukidwa, chinthu chimene ali bwino sankafunsa. Apongozi aakazi anatsuka jombo zonse ziwiri, n'kubwera nazo, n'kuziika pansi pa bedi kuti tsiku lotuluka lisadzawapeze osakonzeka. Chimene Madala sankagwirizana nacho chinali diripiyo.

"Alangizi, taonani. Awa ndi madzi a pampopi. Alibe mtundu, alibe fungo, salumanso. Mankhwala osaluma ndi mankhwala?"

"Akugwira ntchito, bambo. Mwendo ukuphwa."

"Ukuphwa chifukwa ndagona. Ng'ombe yanga nditaipatsa zimenezi ingandiseke."

Kenaka zinthu zinatembenuka. Kutentha thupi kunabwerera. Fungo linayamba kufika pa bedi loyandikana nalo, mpaka wodwala wa pamenepo anapempha kuti amusunthe. Anamwino ankamasula bandeji n'kuyang'anana. Mlangizi ankabwera masana aliwonse akaweruka, n'kukhala pampando wachitsulo, akuwerenga pepala la pa diripi ngati kuti akaliwerenga kwambiri mankhwalawo achita manyazi n'kugwira ntchito.

Masana ena anapeza Madala atatsetsereka pabedi, khosi litapindika. Mkazi wa mlangizi anali atapita kukachapa, apongozi aakazi akuwodzera. Mlangizi anawagwira Madala m'khwapa kuti awakweze, n'kukoka pilo. Pansi pa piloyo china chake chinalira ngati galasi. Chinali chokulungidwa m'kansalu ka maluwa obiriwira, kansalu kamene iye anakapondapo m'nyumba mwake. Atamasula anapeza sirinji ya kukhola ija, ndowe zake zili m'mizere momwemo, ndi botolo lofiirira lotsala theka. Pakhosi pa botolo panali tepi yofiira.

Anayang'ana bandeji. M'mphepete mwake munali chikasu chimene sichinali cha mafinya.

"Bwezerani pomwe mwachipeza," anatero Madala, maso ali chitsinzinire.

Mlangizi anatuluka muwodimo, kudutsa khonde, mpaka kuseri kumene odikirira odwala amachapira. Mkazi wake anali pampopi, akufinya thaulo. Ataona kansaluko m'manja mwa mwamuna wake, thaulo linagwera m'matope.

"Ndiwe?"

"Bambo a mwana, tamverani kaye."

"Ndikufunsa kuti ndiwe?"

"Amalira!" Mkaziyo anakweza mawu mpaka amayi ena ochapa anatembenuka. "Inu munawaonapo bambo anga akulira? Ine ndinali ndisanawaonepo. Amandigwira dzanja, amvekere mwana wanga, ukundisiya ndife ndi madzi a pampopi? Mumafuna nditani?"

"Ukanandiuza!"

"Kuti muyambe msonkhano?"

"Mwa anthu onse, iwe! Iwe amene umandimva tsiku ndi tsiku! Ndimalankhula ndi ndani m'nyumba muja, makina osokera?"

"Ndinatenga botolo lanu dala," anatero mkaziyo, misozi ikutsika. "Achimwene amafuna kukagula lina kusitolo, ine ndinakana. Ndinati lanu ndi labwino, losungidwa bwino, la munthu wodziwa. Ndiponso sindimathira ambiri. Ndimasungunula ndi madzi, pang'ono pokha."

Pang'ono pokha. Mlangizi anaseka, kuseka koipa kumene iye mwini kunamuopsa. Ankafuna kuswa botololo pakhoma, koma ngakhale pa mkwiyo wotero mutu wake wa ulangizi unamukumbutsa kuti mankhwala satayidwa pamene madzi amayenda. Zimenezinso zinamukwiyitsa. Anangoima chilili, botolo lili m'manja, akuyang'ana mkazi amene ankamukonda, amene anachita zimenezi chifukwa cha chikondi chomwecho, ndipo panalibe woti amumenye.

Anakapereka zinthuzo kwa dokotala. Ankayembekezera kukalipiridwa, mwina ankafuna ndithu kukalipiridwa, koma mayiyo anangotenga sirinjiyo ndi nsonga za zala n'kuiponya m'chitini cha zinyalala zoopsa. Anapita kukamasula bandeji yekha, ndipo atabwerako anavula magalasi n'kutikita maso.

"Mnofu wafa, ndipo kudako kukukwera. Tidula mawa m'mawa."

"Chikhala kuti sanathire zimenezi, mwendo ukanapulumuka?"

"Mwina. Mwinanso ayi. Sindingakunamizeni."

Ngakhale chimenecho sanamupatse. Munthu walankhula zoona zaka zonsezi, ndipo pamapeto pake alibe ngakhale chiganizo chimodzi choti akaponye pamaso pa mlamu wake.

M'mawa mwake mlangizi anawapeza Madala atavekedwa kale chovala chobiriwira cha kuchipinda cha opaleshoni. Ankaoneka ochepa, ngati munthu wina amene wangobwereka nkhope yawo. Mlamu kunalibe, anatsala kukhola chifukwa lole ina inali m'njira. Mkazi wa mlangizi anakhala kumiyendo kwa bedi, maso ali otupa, osayang'ana mwamuna wake.

"Alangizi," anaitana Madala. "Tasenderani kuno."

Mlangizi anasendera n'kuwerama. Mumtima mwake munali kanthu kamanyazi: ankayembekezera kuti Madala anene mawu awa: Munkanena zoona, mwana wanga. Anadzida chifukwa chowafuna pa tsiku ngati limeneli, koma ankawafunabe.

"Lole ikufika masana ano," ananong'ona Madala. "Mlamu wanu uja dzanja lake ndi lolemera, amathyola singano. Mukamuthandize kulandira alendo. Inu mumabaya bwino."

Mlangizi anawayang'ana. Anayang'ana mwendo umene unali pansi pa nsalu, umene pofika masana sukhalaponso. Mawu aja a masiku onse, akuti chabwino bambo koma muganizirepo, anafika mpaka pamilomo. Anawameza.

"Ayi, bambo."

"Mwati?"

"Ndati ayi. Sindibaya ng'ombe yosadwala, lero kapena mawa. Yodwala ndidzaibaya ndekha, muyezo wonse. Ndipo sirinji ina ikadzafika pathupi lanu, ndidzaithyola inu mukuona."

Apongozi aakazi anagwira pakamwa. Madala anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akuona ng'ombe imene anaigula yofatsa ndipo lero yawagunda.

"Anthu ophunzira," anatero potsiriza, n'kutembenukira kukhoma. "Akanandisiya ndi botolo langa, bwenzi pano ndili kukhola."

Anamwino anabwera ndi bedi la matayala n'kuwatenga Madala. Mkazi wa mlangizi anawatsatira mpaka pachitseko chimene achibale saloledwa kudutsa. Muwodimo munatsala mlangizi ndi apongozi ake aakazi, ndi bedi lopanda munthu, pilo ali ndi dzenje pamene panali mutu.

Mayiwo anagwada movutikira n'kutulutsa jombo zija pansi pa bedi. Zinali zoyera bwino, zotsukidwa mpaka kunsi. Anaziika pamiyendo pawo, n'kupukuta fumbi limene panalibe. Kenaka ananyamula ya kumanzere n'kuyang'ana mkamwini wawo.

"Bambo, inu ndi amene mumadziwa zinthu. Iyi tiitani?"

Zaka zonse zimene anakhala m'banjamo, aka kanali koyamba munthu kumufunsa malangizo, ndipo analibe choti anene. Analandira jomboyo ndi manja awiri n'kukhala nayo pampando wachitsulo uja. M'thumba mwake foni inayamba kulira. Anadziwa asanaione kuti ndi mlamu, ndipo kuti lole yafika msanga.